Maholo anadzaza, masheya n'kugwa: lipoti la nkhani ya AMC Entertainment, 2019 mpaka 2024

Lipotili likuchokera pa funso limene limandipeza kawirikawiri pa ntchito yanga yolangiza anthu a ndalama zochepa amene akufuna kugula masheya. Filimu ikangotchuka, n'kumveka kuti yagulitsa matikiti a madola 1 biliyoni, pamabwera wina n'kufunsa kuti, "Nanga ndikagula masheya a kampani ya mafilimu, sindidyako nawo?" Kungoyankha kuti ayi sikuthandiza, komanso si nthawi zonse pamene yankho limakhala ayi. Choncho ndatenga nkhani imodzi imene manambala ake ali poyera, ya kampani ya AMC Entertainment ya ku America. AMC sipanga mafilimu. Ili ndi nyumba zoonetsera mafilimu, ndipo pa makampani a mtunduwu ndiyo yaikulu padziko lonse. Ndi makampani ochepa a zosangalatsa amene anthu wamba anaikapo mtima ndi ndalama ngati mmene anachitira ndi iyi mu 2021.

Mmene ndalama ya tikiti imayendera

Munthu akagula tikiti, ndalamayo imagawidwa pakati pa mwini holo ndi kampani yofalitsa filimu, imene nthawi zambiri imakhala situdiyo yomwe inaipanga. Ku America situdiyo imatenga theka kapena kupitirirako pang'ono. Kumayiko ena gawo lake limatsika, ndipo ku China mafilimu obwera kunja amapatsidwa pafupifupi 25 peresenti yokha. Situdiyo ikakhala ndi filimu imene aliyense akuidikira, imalamula yokha. Mu 2017 Disney inauza eni maholo a ku America kuti pa Star Wars: The Last Jedi ikufuna 65 peresenti ya ndalama za matikiti, komanso kuti filimuyo ikhale milungu inayi m'holo yaikulu kwambiri pamalo aliwonse. Mwini holo sangachitire mwina. Alibe katundu wakewake wogulitsa, amadikira wa eni ake.

Kumbali ya situdiyo nako ndalamayo sikhalitsa m'manja. Pali zopangira filimu, ndiye pali zoitsatsa, zimene pa mafilimu akuluakulu zimafika madola 100 miliyoni kapena kuposa, ndipo siziwerengedwa pa bajeti imene imalembedwa m'nyuzipepala. Tiyerekeze filimu yopangidwa ndi madola 200 miliyoni, n'kutsatsidwa ndi 120 miliyoni, imene yagulitsa matikiti a 600 miliyoni padziko lonse. Atolankhani adzati yaphula. Koma situdiyo ikalandirapo 45 peresenti, yapeza 270 miliyoni pa 320 miliyoni imene inalowetsa. Zotsalazo ziyenera kuchokera ku malonda obwera pambuyo: kubwereketsa filimu kwa oonera kunyumba, kuigulitsa ku makampani oonetsa pa intaneti ndi ku nyumba za wailesi ya kanema, kuionetsa m'ndege, kugulitsa zidole ndi zovala za anthu a m'filimumo. Malonda amenewa amatenga zaka, ndipo ambiri mwa iwo mwini holo sakhudzidwa nawo n'komwe.

Ngakhale anthu amene agwira nawo ntchito pa filimu amadziwa kuti phindu lake ndi lovuta kuligwira. Mlembi Art Buchwald anasumira kampani ya Paramount pa filimu ya Coming to America ya mu 1988. Khoti la ku California linagamula mu 1990 kuti filimuyo inachokeradi pa nkhani imene iye anapereka, ndiye kampani inabwera ndi mabuku osonyeza kuti filimu imene inagulitsa matikiti a madola oposa 280 miliyoni inalibe phindu loti n'kugawa. Zinatheka bwanji? Situdiyo imadzilipira yokha poyamba: ndalama yofalitsira filimu, ndalama yoyendetsera maofesi, chiwongola dzanja pa mpamba umene inaikapo. Zonsezi zikachotsedwa, papepala pamatsala ngongole. Mlanduwo unatha pokambirana kunja kwa khoti mu 1995. N'chifukwa chake akatswiri otchuka a mafilimu amafuna kuti gawo lawo liwerengedwe pa ndalama zolowa, osati pa phindu. Ndimaitchula nkhaniyi chifukwa chimodzi: ngati mwini nkhani ya filimu anafunika khoti kuti alandire kanthu, mwini sheya, amene amalipidwa aliyense atamaliza kulipidwa, ali kutali kuposa apo.

Nanga mwini holo amadyera pati? Mabuku a AMC a 2019, chaka chomaliza mliri usanabuke, akuyankha bwino. Kampani inapeza madola pafupifupi 5.5 biliyoni. Matikiti anabweretsa 3.3 biliyoni, koma pafupifupi 1.7 biliyoni inabwerera kwa eni mafilimu. Zakudya ndi zakumwa zinabweretsa 1.7 biliyoni, pamene zogulira katunduyo sizinafike 300 miliyoni. Kunena kwina, pa dola iliyonse ya tikiti kampani inkatsala ndi theka, pamene pa dola ya mbuliwuli ndi zoziziritsa kukhosi inkatsala ndi masenti oposa 80. Filimu ndiyo imaitana anthu, koma kauntala ya zakudya ndiyo imasunga bizinesi. Kenako pamabwera lendi, imene chaka chimenecho inayandikira 1 biliyoni, malipiro a antchito, magetsi, kukonza mipando ndi makina, ndiponso chiwongola dzanja choposa 300 miliyoni. Chaka cha 2019 chinali chabwino pa malonda a mafilimu: matikiti a ku America ndi Canada anapitirira madola 11 biliyoni, a padziko lonse anapitirira 42 biliyoni. Koma AMC inatseka chakacho italuza madola 149 miliyoni.

Mfundo imeneyi ambiri ogula masheya mu 2021 anaidumpha. Ankati mliri ukatha kampani ibwerera mwakale. Mwakalemo inkaluza kale.

Kumene ngongole inachokera

AMC inayamba mu 1920 ku Kansas City. Mu 2012 inagulidwa ndi kampani ya ku China ya Dalian Wanda, ndipo kumapeto kwa 2013 masheya ake anayamba kugulitsidwa pa msika wa New York. Adam Aron atakhala mkulu wake mu 2016, kampani inagula anzake atatu motsatizana: Odeon & UCI ya ku Ulaya, Carmike ya ku America, ndi Nordic Cinema Group. Inafika pa malo oonetsera pafupifupi 1,000 okhala ndi maholo 11,000. Kukula kumeneku kunali kwa ndalama zobwereka, ndipo pofika 2019 ngongole inali itayandikira madola 5 biliyoni, osawerengera mapangano a lendi a zaka zambiri.

Mu Malichi 2020 maholo onse a AMC ku America anatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Ndalama zolowa zinagwa kufika 1.2 biliyoni chaka chimenecho, ndipo kampani inaluza pafupifupi 4.6 biliyoni, gawo lalikulu likuchokera pa kutsitsa mtengo wa katundu wake m'mabuku. Inasiya kugawa phindu kwa eni masheya. Mu Okutobala inachenjeza poyera kuti ndalama zikhoza kuitheratu kumapeto kwa chakacho kapena kumayambiriro kwa 2021.

Panachitikanso chinthu china chimene sichinathe ndi mliri. Kale filimu inkakhala m'maholo okha masiku pafupifupi 90 isanaloledwe kunyumba. Nthawi imeneyi ndiyo inali chitetezo cha mwini holo: wofuna kuonera msanga analibe kwina kopita. Mu Epulo 2020 situdiyo ya Universal inatulutsa Trolls World Tour molunjika kwa oonera kunyumba, Aron n'kulengeza kuti AMC sionetsanso mafilimu a Universal. Patangotha miyezi itatu anagwirizana kuti filimu ikhoza kupita kunyumba pakatha masiku 17 okha. Warner Bros. nayo inaika mafilimu ake onse a 2021 pa HBO Max, malo ake oonetsera mafilimu pa intaneti, tsiku lomwelo lotulukira m'maholo. Zinthu zitakhazikika, masitudiyo ambiri anaima cha pa masiku 45. Theka la chitetezo chija linapita, ndipo silinabwerere.

Januwale mpaka Juni 2021

Kumayambiriro kwa Januwale 2021 sheya imodzi ya AMC inali cha pa madola 2. Makampani ena akuluakulu oyendetsa ndalama anali atabetcha kuti kampaniyo igwa. Kubetcha kwake kumatere: umabwereka masheya kwa mwini wake n'kuwagulitsa lero, poyembekeza kuti udzawagula motchipa mtsogolo n'kuwabweza, iwe n'kutsala ndi kusiyana kwa mitengoyo. Ngozi yake n'njakuti mtengo ukakwera m'malo motsika, umakakamizika kugula modula kuti ubweze, ndipo kugula kwakoko kumakwezanso mtengo. Anthu wamba amene ankakambirana pa masamba a intaneti a Reddit ndi Twitter anaona mpata umenewu, poyamba pa kampani yogulitsa masewera a pakompyuta ya GameStop, kenako pa AMC. Pa 27 Januwale mtengo wa AMC unachoka pafupifupi madola 5 kufika pafupifupi 20 tsiku limodzi. Mawa lake Robinhood ndi makampani ena ogulitsirapo masheya pafoni analetsa kugula masheyawa kwa kanthawi, zimene zinangowonjezera mkwiyo ndi kuuma mtima kwa ogulawo.

Apa tiyenera kuona amene anachitapo kanthu mtengo utakwera. Kampani ya Silver Lake, imene AMC inali nayo ngongole ya madola 600 miliyoni, inasandutsa ngongoleyo kukhala masheya n'kuwagulitsa m'masiku omwewo. Wanda inagulitsa pafupifupi masheya ake onse pofika Meyi. Pa 1 Juni kampani ya Mudrick Capital inagula kwa AMC masheya atsopano 8.5 miliyoni pa madola 230.5 miliyoni, n'kuwagulitsa onse tsiku lomwelo ndi phindu. Amene ankaidziwa kampaniyo m'kati ndi kunja ankatuluka. Olowa anali anthu wamba.

Pa 2 Juni mtengo unafika madola 72.62 masana, n'kutseka pa 62.55. Tsiku lomwelo kampani inalengeza kuti eni masheya ang'onoang'ono alandira mbuliwuli yaulere akapita kukaonera filimu. Aron anati anthu wamba oposa 3 miliyoni ndiwo tsopano anali ndi masheya oposa 80 peresenti. Mawa lake AMC inalengeza kuti ikugulitsa masheya ena 11.55 miliyoni, ndipo m'chikalata chimene inapereka ku boma inalemba mosabisa kuti mtengo umene ulipo sukugwirizana ndi mmene bizinesi ikuyendera, n'kuchenjeza kuti munthu asagule pokhapokha atakonzeka kutaya ndalama zake zonse kapena gawo lalikulu. Masheyawo anatha m'maola ochepa, kampani n'kupeza madola 587 miliyoni.

Pa zaka zimene ndakhala ndikuwerenga zikalata za makampani, chimenechi ndimachiona ngati chimodzi mwa zachilungamo kwambiri. Wogulitsa anati katunduyu wadula mopitirira, ogula n'kugulabe. Pamenepa sindiona mlandu wa kampani. Mkulu wa kampani imene ikumira akapatsidwa mwayi wogulitsa pa madola 50 chinthu chimene miyezi isanu yapitayo chinali pa madola 2, ntchito yake n'kugulitsa. Ndalamazo zinapulumutsa AMC. Antchito masauzande anasunga ntchito, eni nyumba analandira lendi, obwereketsa analandira chiwongola dzanja, okonda mafilimu anapeza maholo ali otsegula. Funso la lipotili n'lakuti amene anapereka ndalamazo anatsala ndi chiyani.

Kuchuluka kwa masheya

Kumayambiriro kwa 2020 AMC inali ndi masheya pafupifupi 104 miliyoni. Pofika pakati pa 2021 inali ndi oposa 510 miliyoni. Maholo sanachuluke, mipando sinachuluke, ngongole inali ikadali pamwamba pa madola 5 biliyoni. Chimene chinachuluka kasanu ndi chiwerengero cha ogawana. Ichi ndicho chinthu chimene ogula masheya kwa nthawi yoyamba amavutika kuchimva, chifukwa pafoni amangoona mtengo wa sheya imodzi. Munthu amati, "Inali pa madola 30 mu 2016, ibwereranso pamenepo." Koma madola 30 pa masheya 100 miliyoni ndi kampani ya 3 biliyoni, pamene madola 30 pa masheya 500 miliyoni ndi kampani ya 15 biliyoni. Kuti mtengo wakale ubwerere, bizinesi iyenera kukula kasanu.

Eni masheya atsopanowo anazindikira zina mwa izi. Malamulo a kampani anali ndi malire a masheya amene ingatulutse, ndipo mu 2021 AMC inapempha kawiri kuti malirewo akwezedwe, koma kawiri konse inabweza pempholo itaona kuti silidutsa. Kampani inkafunabe ndalama. Inaluza 1.3 biliyoni mu 2021 ndi pafupifupi 1 biliyoni mu 2022. Mu Malichi 2022 inadabwitsa anthu pogula 22 peresenti ya Hycroft Mining, kampani ya mgodi wa golide ndi siliva ku Nevada, pa madola 27.9 miliyoni, zimene kwa ine zinasonyeza kuti mtengo wa masheya ndi bizinesi yoonetsa mafilimu zinali zitasiyana njira kalekale.

Mu Ogasiti 2022 inapeza khomo lina. Inapanga masheya a mtundu wina otchedwa APE, amene malire aja sankawakhudza, n'kupatsa mwini sheya aliyense APE imodzi pa sheya iliyonse, kwaulere. Ambiri anailandira ngati mphatso. Sinali mphatso. Kampani yomweyo inangodulidwa zidutswa zochuluka kawiri, ndipo tsiku loyamba lomwe mtengo wa sheya yakale unatsika molingana. Chachikulu chinali chakuti kampani tsopano inkatha kupanga ndi kugulitsa ma APE ena popanda kupemphanso chilolezo, ndipo inaterodi. Pofika Disembala APE imodzi inali pansi pa dola imodzi. Ma APE analinso ndi mphamvu yovota, ndipo mu Malichi 2023 mavoti awo anathandiza kudutsitsa zinthu zitatu: kukweza malire kumene eni masheya akale sankafuna, kusandutsa ma APE onse kukhala masheya wamba, ndi kuphatikiza masheya khumi alionse kukhala imodzi. Ena mwa eni masheya, kuphatikizapo thumba la penshoni la antchito a boma la Allegheny County ku Pennsylvania, anakasuma ku khoti la ku Delaware.

Julayi mpaka Seputembala 2023

Miyezi itatu imeneyi ndiyo imayankha funso lija mwachindunji. Pa 21 Julayi 2023 mafilimu a Barbie ndi Oppenheimer anatuluka tsiku limodzi. Barbie inagulitsa matikiti a madola oposa 1.4 biliyoni padziko lonse, Oppenheimer oposa 950 miliyoni. AMC inalengeza kuti mlungu woyamba wa mafilimu awiriwa unali wa ndalama za matikiti zochuluka kuposa mlungu wina uliwonse m'mbiri yake ya zaka zoposa 100. Ngati pali nthawi imene mwini sheya ya kampani ya maholo anayenera kukolola, inali imeneyi.

Tsiku lomwelo la 21 Julayi mtengo wa AMC unadumphadi. Koma sunadumphe chifukwa cha filimu. Madzulo a tsikulo woweruza Morgan Zurn anakana mgwirizano wothetsa mlandu uja, ndiye msika unaona kuti kusandutsa ma APE kwachedwa. Pa 11 Ogasiti woweruzayo anavomereza mgwirizano wokonzedwanso, mtengo n'kugwa. Kumapeto kwa Ogasiti masheya anaphatikizidwa khumikhumi, ma APE n'kusandutsidwa. Kumayambiriro kwa Seputembala kampani inalengeza kuti ikugulitsa masheya ena 40 miliyoni, mtengo n'kugwanso ndi gawo loposa limodzi mwa magawo atatu tsiku limodzi. Inapezapo madola pafupifupi 325 miliyoni.

Nanga ndalama za Barbie zinapita kuti? M'miyezi itatu ya Julayi mpaka Seputembala, AMC inapeza madola 1.4 biliyoni, koma phindu lotsala linali pafupifupi 12 miliyoni. Miyezi imeneyi, imene inaposa miyezi ya Julayi mpaka Seputembala ya chaka china chilichonse m'mbiri ya kampani, inangokwanira kulipira eni mafilimu, eni nyumba, antchito ndi obwereketsa. Mu Okutobala kampani inayesa chinthu chanzeru: inafalitsa yokha filimu ya konsati ya Taylor Swift, osadzera ku situdiyo, motero inalandira gawo la mwini holo ndi la wofalitsa lomwe. Filimuyo inagulitsa matikiti a madola oposa 260 miliyoni. Komabe chaka cha 2023 chinatha AMC italuza pafupifupi 400 miliyoni pa ndalama zolowa za 4.8 biliyoni, ndipo chiwongola dzanja chokha chinadya zoposa 350 miliyoni. Kunyanyala ntchito kwa alembi ndi ochita mafilimu ku Hollywood, kumene kunayamba mu Meyi n'kutha mu Novembala, kunachedwetsanso mafilimu a chaka chotsatira.

Tiwerenge za munthu mmodzi wongoyerekeza. Anagula masheya 100 pa madola 60 pa 2 Juni 2021, n'kulipira madola 6,000. Mu 2022 analandira ma APE 100. Mu Ogasiti 2023 zonse 200 zinaphatikizidwa kukhala masheya 20, n'kuwonjezeredwa imodzi ya chipukuta misozi cha mlandu uja. Kumapeto kwa 2023 sheya imodzi inali cha pa madola 6. Pa madola 6,000 anatsala ndi osakwana 150. Mnzake amene anagula pa madola 2 mu Januwale n'kugulitsa mu Juni anachulukitsa ndalama zake kokwana 30, ndipo anthu otere analipodi. Koma phindu lawo silinachokere ku matikiti kapena mbuliwuli, linachokera m'thumba la amene anagula pambuyo pawo. Ndipo ambiri amene anaona ndalama zawo zitakula pafoni sanagulitse, chifukwa m'magulu awo kugulitsa kunkatengedwa ngati kupereka anzako. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo.

Kumapeto kwa 2023 AMC inali ndi masheya oposa 250 miliyoni a mtundu watsopano. Powerengera mwakale ndi oposa 2.5 biliyoni, kuchokera pa 104 miliyoni aja.

Mafilimu omwewo, makampani ena awiri

Wina angati vuto ndi bizinesi ya maholo yonse. Makampani ena awiri akusonyeza kuti nkhani si yophweka choncho. Cineworld ya ku Britain, mwini wa maholo a Regal ku America, nayonso inakula ndi ngongole. Inagula Regal mu 2018 pa madola 3.6 biliyoni, n'kuyesanso kugula Cineplex ya ku Canada, mgwirizano umene unasokonekera mliri utabuka n'kuthera kukhoti. Cineworld sinapeze khamu la anthu wamba loigula masheya pa mtengo wokwera. Mu Seputembala 2022 inapempha chitetezo cha khoti la ku America pansi pa lamulo la Chapter 11, lokhudza makampani olephera kubweza ngongole, ndipo inatulukamo kumapeto kwa Julayi 2023, Barbie ili m'maholo ake. Obwereketsa anatenga kampani. Eni masheya akale sanalandire kalikonse. Maholo ambiri sanatsekedwe, oonera ambiri sanaone kusintha.

Cinemark ya ku Texas inalowa mumliri ndi ngongole yocheperapo, sinachulukitse masheya ake mwa njira imeneyi, ndipo mu 2023 inapanga phindu la madola pafupifupi 190 miliyoni. Makampani atatuwa ankaonetsa mafilimu amodzimodzi, m'milungu imodzimodzi, kwa anthu a dziko limodzi. Kwina eni masheya anatsala opanda kanthu, kwina anatsala ndi kachidutswa, kwina anapeza phindu. Chimene chinawasiyanitsa si filimu iliyonse. Ndi kukula kwa ngongole imene aliyense anali nayo tsiku limene zitseko zinatsekedwa.

Nanga kugula situdiyo yeniyeniyo?

Anthu ndikawafotokozera izi, ena amati ndiye tigule eni filimu m'malo mwa eni holo. Apa vuto ndi lina: situdiyo zazikulu zili m'mimba mwa makampani amene ndalama zawo zambiri zimachokera kwina. Universal ndi ya Comcast, imene bizinesi yake yaikulu ndi kugulitsa intaneti ndi wailesi ya kanema ya pa waya. Sony Pictures ili m'kampani ya masewera a PlayStation, nyimbo ndi zipangizo zamagetsi. Ku Disney phindu loposa theka m'zaka za 2023 ndi 2024 linachokera ku mbali ya malo osangalalira, sitima zapamadzi ndi katundu wogulitsa. Barbie inali filimu ya Warner Bros. Discovery, ndipo ndiyo inagulitsa kwambiri padziko lonse mu 2023, koma kampaniyo inali ndi ngongole yoposa madola 40 biliyoni ndipo inatseka chakacho italuza 3.1 biliyoni. Netflix imayendera chiwerengero cha olipira mwezi ndi mwezi: mu Epulo 2022 italengeza kuti yataya olipira 200,000, mtengo wake unagwa ndi 35 peresenti tsiku limodzi, popanda filimu imene inalephera. Ena mwa makampaniwa apindulitsa eni masheya pa zaka zambiri, Netflix makamaka, koma osati chifukwa cha filimu imodzi imene inatchuka mwezi wakuti.

Palinso nkhani ya nthawi. Makampani ofufuza amayamba kuyerekeza malonda a filimu milungu ingapo isanatuluke, ndipo matikiti ogulidwiratu amawerengedwa tsiku ndi tsiku. Inu mukamaona mzere pakhomo la holo Loweruka, ogula masheya akuluakulu anauona kale m'manambala.

Zimene ndimayang'ana

Munthu akabwera ndi dzina la kampani ya zosangalatsa, sindiyamba ndi mndandanda wa mafilimu amene akubwera. Ndimatsegula lipoti la pachaka, limene ku America limatchedwa 10-K ndipo aliyense akhoza kuliwerenga kwaulere. Patsamba loyamba penipeni pamalembedwa chiwerengero cha masheya. Ndimatenga malipoti a zaka zisanu n'kuika ziwerengerozo moyandikana. Zikamakwera chaka ndi chaka, ndiye kuti kampani ikukhalira ndalama za eni masheya, ndipo wogula lero akulowa m'gulu la olipira. Kenako ndimayerekeza chiwongola dzanja cha pachaka ndi phindu la bizinesi chiwongola dzanjacho chisanachotsedwe, m'chaka chabwino, osati choipa. Ku AMC ngakhale mu 2019 chiwongola dzanja chinali chachikulu kuposa phindulo, ndipo kuwerenga kumeneku kumatenga mphindi zochepa. Ndimaonanso zaka zimene ngongole zikuluzikulu ziyenera kubwezedwa, chifukwa zaka zimenezo zikamayandikira m'pamene masheya atsopano amatuluka.

Chikondi cha mafilimu sindichinyoza. Ambiri amene anagula AMC ankafunadi kuti maholo asafe, ndipo cholinga chimenecho anachikwaniritsa. Chimene ndimafunsa n'chakuti munthu adziwe chimene akuchita: ngati akuthandiza kampani imene amaikonda, aike ndalama zimene angaiwale. Ngati akubetcha kuti khamu likweza mtengo, alembe mtengo wogulitsira asanagule, ndipo asafunse khamulo maganizo tsiku logulitsa. Ndalama za sukulu ya ana kapena za penshoni sindilola kuti zilowe m'njira ziwirizi.

Nkhani ya AMC sinathe. Mu Meyi 2024 mtengo unadumphanso kwa masiku ochepa pamene chidwi cha pa GameStop chinabwerera, ndipo kampani inamaliza kugulitsa masheya ena a madola 250 miliyoni m'masiku omwewo. Mu Julayi inagwirizana ndi obwereketsa kuti ngongole yaikulu imene inayenera kubwezedwa mu 2026 ikankhidwire ku 2029 ndi mtsogolo mwake. Chaka cha 2024 inapeza madola 4.6 biliyoni n'kuluza pafupifupi 350 miliyoni, ndipo masheya ake anapitirira 400 miliyoni.